Thonje pa Rediyeta

Inu amene mumadutsa pa Bembeke muli pa basi mumangodziwapo mbatatesi ndi kabichi wa m'mphepete mwa msewu. Nkhani iyi simungaidziwe. Ife akomweko timaikamba motsitsa mawu, ndipo amene ali ndi funso loti zinatheka bwanji alisunge m'thumba, chifukwa ngakhale mwini nkhani sanafunsepo.

Mwini nkhaniyo ndi Nangozo, mkazi wake wa Kasiyano. Kasiyano anali ndi pikapu yakale yobiriwira, yoti chitseko cha dalaivala ankachita kumanga ndi mphira. Ankanyamula mbatatesi kutsika nazo ku chigwa cha Shire, ku Nchalo mpaka ku Bangula, pobwera n'kutengako masau, nsomba zouma, nthawi zina mbuzi. Nangozo galimotoyo ankaitchula kuti "mkazi mnzanga," poti masiku amene mwamuna wake ankagona nayo m'misewu ankaposa amene ankagona m'nyumba.

Koma nsanje analibe, ndipo womusamala mkazi mnzakeyo anali iye yemwe. Galimoto yakale imapumira kutsogolo, pa rediyeta, chija chimaoneka ngati chisa cha njuchi kuseri kwa mphuno yake. Timipata take tikatsekeka ndi udzu, agulugufe ndi fumbi, mphepo siidutsa, madzi amawira, injini n'kupsa. Tsono Kasiyano zala zake zinali ngati mipini ya makasu. Akati achotse kaudzu kamodzi, ankapinda timipata tambirimbiri. Choncho kuyambira chaka chimene anakwatirana, ntchito imeneyi inali ya Nangozo. Ankatenga nthenga ya nkhanga, kugwada kutsogolo kwa galimoto, n'kumatokosa kampata kamodzikamodzi, kenako n'kutsuka kuchokera mkati kuti zinyalala zitulukire kumene zinalowera. Ndipo m'mimba mwa rediyetayo sankalola madzi a pachitsime kapena a mumtsinje, ati amabala dzimbiri. Ankathiramo a mvula okhaokha, amene ankasunga mu diramu kuseri kwa nyumba.

Amuna ena amagwidwa ndi fungo la mafuta achilendo pa shati. Kasiyano ankagwidwa ndi rediyeta.

"Mwati ulendo uno munathera pa Zalewa?" Nangozo ankafunsa ali chigwadire.

"Eya, pa Zalewa pomwepo."

"Nanga phulusa la nzimbe ili lachokera kuti? Pa Zalewa anayamba liti kulima nzimbe?"

Kasiyano ankaseka mpaka kutsokomola. "Mayi inu, mukanakhala apolisi, akuba akanatha m'dziko lino."

Msewu wonsewo Nangozo ankaudziwa, chifukwa ali achinyamata ankayenda limodzi, iye atakhala pambali, chigubu cha madzi chili pakati pa miyendo. Mawondo atayamba kudandaula anasiya kuyenda, koma ulendo uliwonse wa mwamuna wake ankauwerenga pa nthenga ya nkhanga.

Chaka cha tsokalo, Kasiyano ananyamuka Nangozo kulibe. Anali ku Lizulu kukadwazika mchemwali wake. Rediyeta sinaone nthenga. Patapita masiku kunabwera uthenga woti galimoto yapezeka kumunsi kwa Nchalo, m'mbali mwa msewu, boneti ili yotsegula, timipata tonse tili gwa ndi thonje ndi njere za udzu, madzi ataphwa. Amayi ena ogulitsa masau pamalopo ndiwo anamuona komaliza. Akuti anatenga chigubu chachikasu, chomanga kansalu pogwirira, n'kulowera kanjira kopita kumtsinje.

"Mundionereko galimotoyi, amayi," anatero. "Ndikubwera."

Sanabwere. Ena anati ng'ona, ena anati matope a m'bango, ena anangopukusa mitu. Anthu anafunafuna mpaka kutopa. Sanapeze nsapato, sanapeze chipewa, ngakhale chigubu chomwe.

Mng'ono wake wa Kasiyano, Polikapo, amene ali ndi chigayo pa msika, anapita kukakoketsa galimotoyo. Anadzaisiya pabwalo, pansi pa mtengo wa pichesi. Kenako abale anakhala pansi. Paja kwathu munthu akatayika kutali, mtembo osapezeka, timadula thunthu la nthochi, kulikulunga m'nsalu n'kukaliika kumanda, kuti anamfedwa alire, nayenso wopitayo apeze pogona. Nangozo anakana kwamtuwagalu.

"Munthu anati akubwera," anatero. "Ine ndikaike nthochi m'manda ngati ndamva kuti wafa?"

Sanalire. Anthu anadikira misozi yake mpaka ananyamuka mmodzimmodzi. Mvula inagwa n'kukata. Batire Polikapo anachotsa, matayala anaphwa, udzu unamera n'kuzinga mawilo, nkhuku zinayamba kuikira mazira pansi pa injini. Koma m'mawa uliwonse Nangozo ankagwada ndi nthenga yake, kuchotsa akangaude ndi masamba a pichesi. Ankamusowa mwamuna wake moti nthawi zina ankatsegula chitseko cha mphira chija n'kungonunkhiza mpando.

Ndiye tsiku lina, nyengo yozizira itabweranso, chifunga chitakuta mudzi wonse, anapisa nthenga ija n'kutuluka ndi kanthu koyera. Linali thonje. Anapisanso, n'kutuluka lina, lili ndi njere yake mkati, pambali pake pali kaphulusa kakuda, katalikatali, kaja kamauluka akamatentha minda ya nzimbe.

Ku Bembeke thonje silimera. Nzimbe zilipo za m'madimba, koma palibe amene amatentha.

Anaimirira pang'onopang'ono n'kutsamira boneti, ndipo anachotsa dzanja msanga. Boneti inali yofunda, ngati pamene pangodzuka nkhuku. Anatsegula chitsekerero cha rediyeta n'kusuzumira. Madzi anali atatsika.

Anawonjezera a mu diramu, n'kukaitana mnansi wake Nankhoma, mayi wolankhulalankhula amene ankadziwa yankho la chilichonse.

"Ndi makoswe amenewo, asisi," Nankhoma anatero. "Abowola pilo wa munthu."

"Khoswe wa pa Bembeke akatenge phulusa la nzimbe ku Nchalo?"

Nankhoma anayang'ana kaphulusako, n'kuyang'ana udzu umene unazinga mawilo, wosathyoka ngakhale umodzi. Anakumbukira mwadzidzidzi kuti wasiya nyemba pamoto.

M'mawa mwake munali thonje lina. Mkuja mwake chimodzimodzi. Kenako thonje linachepa, n'kuyamba kubwera timasamba ta masau ndi timinga take. Nkhuku zinasamuka pansi pa galimoto paja, mazira n'kuwasiya. Galu wa Nankhoma, amene ankadutsa pabwalopo tsiku lililonse, anayamba kuzungulira kuseri kwa khola. Ndipo m'bandakucha, tambala asanalire kachiwiri, Nangozo ankamva kunja kukuti ke, ke, ke, motalikirana, monga chimachitira chitsulo chikamazizira pambuyo pa ulendo wautali.

Sabata ina madzi anatsika kwambiri, timipata titadzaza fumbi lofiira. Nangozo anadziwa kuti imeneyo ndi Thabwa, chikweza chokhotakhota chija chochokera ku chigwa, pamene ankaimapo ali achinyamata kudikira injini izizire, Kasiyano akumusendera nzimbe ndi mano. Fumbi lofiira litatha kunabwera tizidutswa ta majumbo ndi kapepala ka switi. Anaseka yekha pabwalo. Tauni imeneyo! Bamboyo sankadutsa mu Blantyre osamugulira switi zamkaka, n'kudya theka asanafike.

Kusekako kunatha mwadzidzidzi. Thonje, masau, Thabwa, tauni. Sizinkabwera mwachisawawa ayi. Zinkabwera motsatana ndi msewu, ndipo msewuwo unkaloza kuno.

Anakhala pansi pa udzu wonyowa, kapepala ka switi kali m'manja. Ulendo umene galimoto yamoyo imayenda tsiku limodzi, uyu ankauyenda pang'onopang'ono kuposa munthu wapansi. Koma ankayenda. Madzi saiwala khwawa.

"Simukuopa, asisi?" Nankhoma anafunsa tsiku lina, ataima patali ndithu, kuseri kwa mpanda.

"Wokwata kwa mphenzi saopa kung'anima," Nangozo anayankha osacheuka. "Ndiope mwamuna wanga?"

Kunena zoona mantha analipo. Ankabwera madzulo, dzuwa likamalowa, galasi lakutsogolo likamachita mdima ngati muli munthu mkati. Koma chikhumbo chinkaposa mantha. Tsopano ankatokosa mosamala kuposa kale, chifukwa ankadziwa chinthu chimodzi: rediyeta imeneyi inamusiyapo kale mwamuna wake pamsewu, ndipo ikatsekekanso, sadzafika.

Atayamba kupeza masamba a tsanya, aja a mapiko awiri ngati gulugufe, osakanikirana ndi fumbi la makala, anadziwa kuti wawoloka Zalewa. Tsiku lomwelo kunabwera Polikapo.

Polikapo sanali munthu woipa, ndisakunamizeni. Anali munthu wa masipanala, wokhulupirira zimene dzanja lake lagwira. Anakhala pa mpando, chipewa chili pa bondo, n'kuzungulirazungulira ndi za nyengo asanafike pa mfundo.

"Alamu, rediyeta ya kuchigayo yang'ambika. Anthu akusenza chimanga mpaka ku Dedza. Iyi ili apayi ikungodyedwa ndi dzimbiri."

"Dzimbiri mwaliona pati?"

"Chabwino, ilibe. Koma palinso ina. Amayi akukalamba. Akuti safuna kutsikira kuli chete asanalire mwana wawo. Tiloleni tidule nthochi, alamu, tikusudzuleni, nanunso mupume. Anthu ayamba kukunenani, akuti mumagwadira galimoto ngati guwa."

Nangozo anafuna kumuonetsa masamba a tsanya amene anali nawo pa mfundo ya chitenje, koma anadziwa kuti kwa Polikapo tsamba ndi tsamba basi.

"Dikirani mapichesi achite maluwa," anatero. "Akachita maluwa, mudzatenge. Nthochi mudzadulenso."

Polikapo anayang'ana mtengo wa pichesi, uli nthambi zokhazokha. Anavomera.

Cholakwa chake chinabwera chifukwa cha chifundo. Lachinayi lina Nangozo ali ku mapemphero a mphakati, Polikapo anadutsa pakhomopo. Anaganiza zomuchepetsera mlamu wake ntchito yogwada m'mame. Anamasula paipi yapansi, madzi onse n'kutayika, poti chitsulo chosagwira ntchito chimasungika bwino chili chouma. Kenako anatenga chiguduli chokhuthala n'kukuta kutsogolo konse, kumanga ndi waya, kuti zinyalala zisalowenso. Nangozo anabwera kutada, mutu ukumupweteka, n'kungolowa m'nyumba kudzera khomo la kuseri.

Chimene chinamudzutsa m'bandakucha si ke, ke uja. Kunali kulira kwina, kosalekeza, ngati ketulo youma imene yaiwalika pamoto. Ndi fungo, fungo la mphira wopsa ndi chitsulo chotentha, limene mkazi aliyense wa dalaivala amalidziwa. Anatuluka wopanda nsapato. Chiguduli chinkafuka. Anachikoka ndi manja, waya n'kumucheka, chitsulo n'kumuwotcha chikhatho, koma sanamve. Anatsegula boneti. Injini yopanda batire, imene sinalire chaka chathunthu, inali yotentha moti malovu akanauma asanagwe.

"Mayo, ndani wachita izi?" anafuula. "Mwamupha kachiwiri!"

Anabwezera paipi, kudikira chitsulo chizizire, n'kuthira madzi. Koma m'mawa wotsatira nthenga inatuluka yopanda kanthu. Boneti inali zii. Madzi anali pomwe anawasiya. Mawa lake chimodzimodzi, mkuja wake chimodzimodzi.

Inu simudziwa kuwawa kwa chinthu choyera. Moyo wake wonse Nangozo ankafuna rediyeta ikhale mbee, koma tsopano ankagwada n'kumapempha kaudzu kamodzi kokha. Nkhuku zinabwerera pansi pa injini, ndipo anazithamangitsa ndi miyala. Galu wa Nankhoma anayambanso kudutsa pabwalo. Mudzi unapuma, koma iye anaonda. Ankatsamira chipumi pa boneti yozizira n'kumanong'ona.

"Mwaima pati, bambo? Muli pamthunzi kapena padzuwa?"

Nthambi za pichesi zinayamba kutupa nsonga.

Tsiku lina masana, dzuwa lili paliwombo, pabwalo panafika mayi wachilendo atasenza mtolo wa matsache. Anali wamtali, fumbi lili mbuu mpaka m'mawondo. Anapempha madzi akumwa. Nangozo anamupatsa kapu, mayiyo n'kuima nayo m'manja, maso ali pa galimoto.

"Kuno ndiye ku Bembeke?"

"N'kuno."

"Ndakumana ndi bambo wina cha ku Nsipe, kumunsi kwa Ntcheu. Anakhala m'mbali mwa msewu, chigubu chachikasu chili pambali. Atamva kuti ndikubwera kuno, anandifunsa."

Nangozo anasendera pafupi. "Anakufunsani chiyani?"

"Anati, kodi kumeneko mapichesi achita maluwa? Ndinati sindikudziwa. Ndiye anati, ndikanafika kale, koma yatentha."

"Nkhope yake munaiona?"

"Dzuwa linali kumbuyo kwake."

"Nanga galimoto?"

"Galimoto sindinaione, mayi. Koma udzu wa pamenepo unali wogona mizere iwiri."

Nangozo anathamangira m'nyumba kukatenga chithunzi cha Kasiyano. Potuluka, pabwalo panalibe munthu. Njira yopita kumsika inali pululu, yopita kutchalitchi chimodzimodzi. Kapu inali pa boneti, madzi ali tho, osamwedwa.

Sanataye nthawi ndi kudabwa. Iye ankadziwa kuti rediyeta ikawira youma, zonyansa zimamatirira mkati, ndipo kuthira madzi pamwamba sikuthandiza. Anamasula mapaipi onse awiri ndi chikhatho chake chamabala. Anathira madzi a mvula kukamwa kwa rediyeta, n'kumatuluka pansi ofiira ngati thobwa la mawere. Anathiranso, n'kuthiranso, osawerengera kuti diramu ikutha ndipo mvula ili kutali, mpaka anayamba kutuluka oyera. Anamanga mapaipi, kudzaza, kutseka. Kenako anachita zimene timachita tikanyamula maliro kuchokera kutali, pamene timamuuza wopitayo pa mtsinje uliwonse kuti tikuwoloka, asatsale. Anaika dzanja pa boneti n'kulankhula mokweza, osasamala kuti Nankhoma akumvetsera kuseri kwa mpanda.

"A Kasiyano, ndine Nangozo. Yazizira tsopano. Nyamukani, kwanu n'kuno."

M'mawa mwake nthenga inatuluka yakuda bii ndi phulusa la lupsa, pamodzi ndi njere za tsekera. Mapiri a Ntcheu amenewo, amene amapsa chaka ndi chaka nyengo ino. Nangozo anapsompsona nthengayo, phulusa n'kumudetsa milomo.

Koma kuchokera pa Ntcheu kubwera kwathu ndi chikweza chokhachokha, ndipo chikweza chimamwa madzi. M'mawa uliwonse ankapeza atatsika kuposa dzulo. Diramu inayamba kulira akaigogoda. Anaipendeketsa, kenako anaigwadira n'kumakokota ndi kapu. Nankhoma, amene tsopano anali atasiya za makoswe, anabwera ndi ndowa ya madzi a pachitsime n'kuiika pa malire a bwalo.

"Thirani awa, asisi. Madzi ndi madzi."

"Ayi. Ndi yodwala kale. Ndikaipatsa amenewo itsekeka pa Lizulu."

Anapeza nzeru ina. Kwathu chifunga chikagona pa malata, m'mawa chimadontha. Anayala mabeseni, mbale ndi mapoto m'munsi mwa denga, n'kumasonkhanitsa timadontho timeneto. Tinkakwana kapu imodzi, tsiku labwino kapu ndi theka. Galimoto inkafuna zambiri. Madzi m'rediyeta ankatsikirabe, ndipo boneti inkakhala yotentha mpaka dzuwa kukwera.

Ndiye pichesi anachita maluwa. Anayamba nthambi imodzi ya kum'mawa, kenako mtengo wonse unangoti psuu. Chaka chilichonse Nangozo ankakondwera nawo maluwa amenewa, koma chaka chimenecho anawayang'ana ngati mdani. Polikapo anatumiza mawu kuti abwera Loweruka ndi masipanala, ndipo adzukulu okumba manda auzidwa kale za nthochi.

Lachinayi anapeza gulugufe woyera, uja amavutitsa kabichi. Lizulu. Lachisanu anapeza timasamba ta paini, tobiriwira, tonunkhira utomoni. Mitengo ya paini imayambira pamphambano pathu pomwepa, pamene msewu wafumbi umasiyana ndi wa tala. Koma atasuzumira m'rediyeta sanaone madzi, anangoona chitsulo. Usiku wa dzulo lake kunalibe chifunga, ndipo m'mabeseni monse munangotuluka theka la kapu.

Anathira theka la kapulo mosamala, osataya dontho.

"Ndi omwewa, bambo," anatero. "Ndayesetsa. Kotsalako mudziwa nokha."

Tsiku limenelo sanadye. Anasesa bwalo lonse, anachapa shati ya Kasiyano imene inali yochapa kale, n'kuiyanika pa chingwe. Madzulo anakhala pakhonde kuyang'ana njira mpaka maso anasiya kusiyanitsa mtengo ndi munthu, ndipo analowa.

Kutatsala pang'ono kucha, anamva. Sikunali kulira kwa injini. Kunali ngati udzu ukugona pansi pa chinthu cholemera, pang'onopang'ono, kenako phee. Mphira wa pachitseko cha galimoto unalira monga unkalirira. Mapazi olemera, okoka mwendo wakumanzere monga ankayendera Kasiyano, anazungulira kupita kutsogolo. Boneti inatseguka. Kenako khuthu, khuthu, khuthu, madzi akutuluka m'chigubu chokamwa pang'ono.

Nangozo anali ataima kale kuseri kwa chitseko cha nyumba, dzanja lili pa loko. Thupi lonse linkamukoka kuti atsegule. Ankafuna kungoona msana wokha, ngakhale chipewa chokha. Koma anakumbukira mayi wa matsache uja, mmene anazimiririka iye atangotembenuka, ndipo anaopa kuti akatsegula, munthu woyenda ulendo wonsewo angabwerere ali pakhomo. Anatsamira chipumi pa chitseko n'kutseka maso. Kunja kunali kaphokoso kena kakang'ono, kokandakanda, kotenga nthawi. Kenako boneti inatsekedwa mofatsa, monga amachitira munthu wosafuna kudzutsa mkazi wake.

Anatsegula kutayera, Polikapo akulowa pabwalo ndi masipanala m'manja, Nankhoma ali pa mpanda.

Kuchokera kunjira mpaka pamawilo akumbuyo, udzu wa mame unali wogona mizere iwiri. Ndipo kutsogolo kwa galimoto, pamalo pamene Nangozo ankagwada, panali chigubu chachikasu. Chinali chosuwa ndi dzuwa, chonyowa, mchenga wakuda utamatirira pansi pake, katsamba ka namasupuni wa mu Shire kali pakamwa. Pogwirira panali kansalu kaja, kachidutswa ka chitenje chimene Nangozo anavala tsiku la chinkhoswe chawo.

Polikapo anavula chipewa. Masipanala anagwa m'manja mwake osadziwa.

Nangozo anayenda ngati munthu wa m'tulo n'kugwada. Nthenga ya nkhanga, imene iye anaisiya pawindo dzulo lake, inali pa bampala, yothyoka pakati. Maluwa a pichesi anali atachotsedwa pa rediyeta n'kuunjikidwa pambali. Koma ntchito yake inali yomvetsa chisoni. Timipata tambirimbiri tinali topindika, apa ndi apo, monga zimachitira zala zonga mipini ya makasu.

Anadzuka n'kutsegula chitsekerero. Rediyeta inali yodzaza mpaka kukamwa. Anaviika chala n'kuchiyang'ana. Madzi ake anali amatope, ofunda pang'ono, onunkha bango.

"Madzi a mumtsinje!" anatero, mawu akukwera. "A Kasiyano, madzi a mumtsinje? Ndinakuuzani kangati ine kuti amenewa amabala dzimbiri? Ndipo taonani mmene mwapindira apa! Simukanandidikira? Simukanangogogoda, ine n'kudzakuchitirani? Inu bambo inu, inu..."

Mawu anathyoka pamenepo. Anagwira chigubu chija n'kuchikumbatira pachifuwa, ndipo kulira kumene kunakhala m'mimba mwake chaka chonse kunatuluka nthawi imodzi. Analira mokuwa, momutchula dzina, moti anamva ndi a kutsidya kwa dambo. Nankhoma anadumpha mpanda umene ankauopa miyezi yonseyi n'kudzamugwira, nayenso akubuma. Amayi a m'mudzi anayamba kutuluka m'nyumba, akumanga zitenje m'chiuno, osafunsa kuti wamwalira ndani.

Atatopa, Nangozo anapukuta nkhope n'kuyang'ana mlamu wake, amene anali chiimire.

"Alamu, kauzeni amayi kuti mwana wawo wafika. Kaduleni nthochi ija."

"Nanga... nanga rediyetayi?" Polikapo anafunsa, osadziwa chimene akunena.

"Tengani. Ulendo watha."

Sanaitenge. Chigayo anachipezera ina kwina. Kumanda, pambali pa thunthu la nthochi, abale anaika chigubu chachikasu, Nangozo atamasula kansalu kaja n'kusunga.

Galimotoyo ikadali pansi pa pichesi mpaka lero, nkhuku zikuikira mazira mmenemo, boneti ili zii chilimwe ndi dzinja. Nangozo amatokosabe akangaude m'mawa, koma timipata topindika tija sanatiwongole. Akafika pamenepo amaika nthenga pansi, n'kudutsitsapo chala.